Pampu ya thanki ya nsomba: musanagule, onerani kaye iyi

Moni moni anzanga, takulandiraninso pa tchanelo chathu, ndili pompano pa Kasungu boma ndipo lero nkhani ndi pampu ya closed loop. Kwa amene mwangoyamba kumene, apa madzi amatuluka mu thanki kudzera m'payipi, kulowa mu pampu, n'kubwereranso mu thanki yomweyo osatsakamukira m'chidebe china chilichonse. Basi.

Choyamba, mwachangu. Yezani thanki yanu. Ya masentimita 120 mulitali, 40 mulifupi, 40 kuya imalowa malita 192, tingoti 200. Pa nsomba zathu za m'nyanja ya Malawi ngati mbuna, madzi onsewo azizungulira ka 5 mpaka ka 10 pa ola, ndiye mukufuna pampu ya malita 1,000 mpaka 2,000 pa ola. Tapita.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye pandiwawa. Sabata yatha m'bale wina wa ku Mchinji wanditumizira chithunzi, wagula chipampu chachikulu cha mawatsi 85 pa kathanki ka malita 200, ati anamuuza kuti poti pampu ikhala pansi pa tebulo ndiye ikufunika mphamvu zokwezera madzi mita imodzi ndi theka. Abale, limeneli ndi bodza ndipo likudyera anthu ndalama! Munaonapo amisiri omanga nyumba ndi kapayipi kawo ka levulo kaja? Madzi amaima mofanana mbali zonse ziwiri popanda wowakankha. Closed loop ndi chimodzimodzi. Madzi amene akutsika kuchokera mu thanki kulemera kwake kumakankha kale amene akukwera mbali inayo, ndiye kaya pampu ili pansi mita imodzi kaya awiri, siyikusenza katundu wokweza ayi. Taonani apa, ndazimitsa pampu, madzi m'payipi yobwererayi ali pomwepo, sanatsike. Nkhani ya kukwera ija imagwira ntchito mukakhala ndi sump, pamene madzi amagwera m'kathanki kotsegula pansi, pamenepo inde werengani Hmax, kutalika kumene pampu ingakwezere madzi, yalembedwa pa katoni. Koma pano chimene chimaba mphamvu ndi kukhulana kwa madzi ndi payipi. Payipi yopyapyala, ma elibo (zolumikizira zokhota) asanu, fyuluta yodzaza ndi zinyalala, malita 2,000 a pa katoni aja simuwaonanso, paja nambala imeneyo amayeza pampu isanalumikizidwe ku chilichonse. M'bale uja, chifukwa cha mphamvu ya chipampu chija, nsomba zake zimangobisala kuseri kwa miyala, mchenga wonse waunjikana pakona imodzi, zomvetsa chisoni.

Ngati inunso anakuuzani zomwezi lembani mu komenti, ndipo dinani subscribe, sizilipiritsa.

Chachitatu, payipi ikhale yofanana ndi kukamwa kwa pampu kapena yokulirapo, makamaka mbali yokoka madzi. Valavu yochepetsera liwiro ikani kotulukira, osati kolowera, mukaipana kolowera imayamba kulira kuti kokoko ndipo impela, kachipangizo kozungulira kamene kamakankha madzi m'kati mwa pampu, imatha msanga. Komanso valavu ina mbali iliyonse kuti tsiku lotsuka pabalaza pasasanduke dambo. Kukamwa kwa payipi mu thankimo ikaniko kasefa, tiana ta nsomba timakokedwa.

Chachinayi magetsi. Pampu imeneyi siyipuma, ya mawatsi 20 imadya mayunitsi 14 ndi kanthu pa mwezi, ya 85 ija yoposa 60, werengani nokha. Ine ndimakonda za DC za 12 kapena 24 volts chifukwa magetsi akathima ndimangolumikiza ku batire ya sola, ndinatayapo mbuna zisanu ndi chimodzi usiku umodzi mu Okotobala, kutentha kuja madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, sindifuna zichitikenso. Ndipo pampu musaiyatse youma ngakhale kongoyesa.

Kanema wotsatira tiboolera limodzi galasi la thanki, bweretsani mtima.