Makalata a omvera: Kodi Patrice ndi dzina la mwamuna kapena la mkazi?

Takulandirani nonse kulikonse komwe mukutimvera, kaya muli pa minibasi, kaya muli kudimba wayilesi ili pa mzere, kaya muli ku Joni mukutimvera pa foni ndi bando ya bwana, khalani nafe. Sabata ino makalata achuluka koma ndasankhako ochepa, ndipo zangochitika kuti onse akuzungulira pa dzina limodzi chifukwa cha kalata yomwe ndinangoitchula pang'ono sabata yatha ija nthawi itatithera. Ndiye lero ndiyiwerenga yonse.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Kawale ku Lilongwe, apempha kuti dzina lawo tisalitchule. Akuti:

"Achimwene, ine ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi inayi. Bambo ake anamupatsa dzina loti Patrice, ine sindinakane poti ndinangoona kuti likumveka bwino. Vuto layamba ndi apongozi anga, akuti mwana wamwamuna mwamupatsa bwanji dzina la atsikana, adzasekedwa ku sukulu. Ndiye tsiku lina nditapita ku sikelo amene amalemba m'buku analemba Patricia, ine kuwauza kuti ayi ndi mwamuna uyu anandiyang'ana ngati ndapenga. Panopa pakhomo palibe mtendere, apongozi akumuitana mwanayo dzina lina, bambo ake akuti sasintha. Tandithandizeni, dzinali ndi la ndani kwenikweni?"

Mayi, choyamba pepani ndi za ku sikelozo, bwererani akakonze bukulo lisanafike pa chiphaso chobadwira, zikalowa mu kompyuta zimavuta kusintha ndipo mwana angadzavutike nazo polemba mayeso a sitandade 8.

Tsono yankho ndi ili, bambo a mwana sanalakwitse. Patrice ndi dzina la Chifalansa ndipo ku France, ku Belgium, ku Congo, ku Senegal, ku Benin konseko ndi la amuna. Ndi dzina lomwe lija ife timalidziwa kuti Patrick, gwero lake ndi limodzi, mawu a Chilatini oti patricius, omwe ku Roma wakale amanena munthu wa banja la apamwamba, tinene kuti wa kubanja lachifumu kapena mfulu yeniyeni. Patrick Woyera wa ku Ireland uja amene Akatolika amamukumbukira pa 17 March, m'mabuku ambiri a Chifalansa amalembedwa kuti saint Patrice. Ndiye apongozi anu ngati ali ndi mphwawo kapena mlamu dzina lake Patrick, auzeni kuti mdzukulu wawoyo ndi mnzake wa dzina. Katchulidwe kake ndi Patrisi, osati Patrishi, osatinso Patriche monga ndinamva wina akuitana mu msika wa Lizulu tsiku lina ine mpaka kutembenuka.

Koma ine ndikukayika ngati bambo akunyumbawo amaganiza za Chilatini. Kuno ku Africa ukamva bambo wapatsa mwana dzina la Patrice, kawirikawiri kumbuyo kwake kuli munthu mmodzi, Patrice Émery Lumumba wa ku Congo. Munthuyu anabadwa pa 2 July 1925 m'mudzi wa Onalua ku Kasai, anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku positi ofesi ku Stanleyville komwe lero ndi Kisangani, kenako n'kumagulitsa mowa wa kampani ku Léopoldville, Kinshasa ya lero, ndipo akuti m'mabala momwemo ndi momwe anthu anadziwira kuti mkuluyu pakamwa sipomuchezera. Mu 1958 iye ndi anzake anayambitsa chipani cha MNC, ndipo December wa chaka chomwecho anali ku Accra ku msonkhano waukulu wa anthu a mu Africa womwe anaitanitsa Kwame Nkrumah, msonkhano womwewo kunalinso Dr Kamuzu Banda atangobwerera kumene ku Nyasaland. Pa 30 June 1960 Congo inalandira ufulu kuchoka kwa atsamunda a ku Belgium, Lumumba ali nduna yayikulu, ndipo pa mwambowo mfumu Baudouin ya ku Belgium itatha kuyamikira makolo ake kuti anatukula Congo, Lumumba anaimirira n'kuwerengera mfumuyo pamaso pa anthu zikwapu, chipongwe, ntchito ya thangata ndi kulandidwa minda zomwe anthu akuda anakumana nazo. Anthu a ku Congo amamvera pa wayilesi ngati momwe mukundimveramu, kuwomba m'manja, koma a ku Brussels sanamukhululukire.

Sanakhalitse pa mpando. Mwezi wa September pulezidenti Joseph Kasa-Vubu anamuchotsa, mkulu wa asilikali Mobutu ndi asilikali ake n'kulanda zinthu, ndipo pa 17 January 1961 Lumumba anaomberedwa ku Katanga pafupi ndi Élisabethville, Lubumbashi ya lero, pamodzi ndi anzake awiri Maurice Mpolo ndi Joseph Okito, apolisi ndi asilikali a ku Belgium ali pompo. Anali ndi zaka 35 zokha. Thupi lake analiduladula n'kulisungunula mu asidi kuti pasadzakhale manda oti anthu azikalirapo, chomwe chinatsala ndi dzino limodzi lomwe wapolisi wa ku Belgium Gerard Soete anasunga kwawo ngati chikumbutso, tangoganizani. Dzinolo linabwezedwa kwa ana ake mu June 2022 n'kukaikidwa m'manda ku Kinshasa, patatha zaka 61. Ndiye mayi, apongozi akadzanenanso kuti ndi dzina la atsikana muwafotokozere nkhani imeneyi koma mwaulemu, mutagwada, musakanene kuti a pa wayilesi akuti ndinu osadziwa, ine sindinatero.

Kalata yachiwiri, iyi yabwera pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg, mnyamata akuti amagwira ntchito ya ku galaja ndipo kwawo ndi ku Mangochi. Ndiwerenga momwe walembera:

"Bigi mukamakamba za Patrice musaiwale Evra wathu, ife a Man U dzinali tinalidziwira kwa iyeyo osati za ndalezo kkkk. Komanso kuno kuli a Motsepe eni ake a Sundowns naonso ndi Patrice koma si Mfalansa, zimatheka bwanji? Moni kwa mayi anga ndi onse kwa Chimwala."

Moni wafika aise, ndipo tumizaniko kenakake kumudzi osangoti moni. Za Evra sindingakane ngakhale ine timu yanga ndi ina, sinditchula kuopa kuzimitsidwa mawayilesi. Patrice Evra anabadwira ku Dakar ku Senegal mu 1981, anakulira ku Les Ulis kunja kwa Paris, anabwera ku Manchester United mu January 2006 kuchokera ku Monaco. Inu a Man U mumakonda kuiwala kuti gemu yake yoyamba inali debi ya ku Manchester City, munaluza 3-1 ndipo Ferguson anamutulutsa pa hafu taimu, aliyense amati agula mbola. Koma munthu anadzakhazikika pa nambala 3 paja mpaka 2014, ligi kasanu, Champions League ya 2008 ku Moscow. Zinazo mumazidziwa, nkhani ya Luis Suárez mu 2011 yomwe Suárez analetsedwa magemu 8 chifukwa cha mawu atsankho, komanso ija ya World Cup ya 2010 komweko ku South Africa komwe muliko, Evra ali kaputeni wa France osewera anakana kutrena ku Knysna n'kukadzitsekera mu basi chifukwa mnzawo Anelka wathamangitsidwa. Kunyanyala ntchito pa World Cup, dziko lonse likuonera pa TV! Anatuluka mu gulu opanda kupambana gemu ndi imodzi yomwe, Bafana inawamenya 2-1.

Tsono funso lanu la a Motsepe ndi lomwe landisangalatsa chifukwa likutibwezera komwe mumati tisapiteko. A Patrice Motsepe anabadwa mu January 1962, chaka chimodzi chokha Lumumba ataphedwa, ndipo bambo awo anawatcha dzinali pokumbukira Lumumba yemweyo. Mwaona? Mumathawa ndale koma ndale zakupezani pa Sundowns pomwepo. Munthuyu anaphunzira za malamulo, kenako n'kulowa bizinesi ya migodi, kampani yake ndi African Rainbow Minerals, mpondamatiki weniweni. Sundowns ili m'manja mwake inatenga chikho cha Africa mu 2016 kochi ali Pitso Mosimane, ndipo kuyambira March 2021 ndi pulezidenti wa CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Mchemwali wake Tshepo ndi mkazi wa a Cyril Ramaphosa, ndiye kuti pulezidenti wa dziko lomwe mukukhalalo ndi mlamu wake wa Patrice. Nthawi imeneyo ana ambiri mu Africa muno anatchedwa Patrice kapena Lumumba, ngakhale m'mayiko osayankhula Chifalansa, ndipo misewu nayo, amene munafikako ku Lusaka mukudziwa Lumumba Road, ku Maputo kuli Avenida Patrice Lumumba, mpaka ku Moscow yunivesite yomwe kumaphunzira ana ambiri a ku Africa inatchedwa dzina lake mu 1961.

Pali ka uthenga kakafupi apa kochokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, akuti "Inu musawanamize anthu, ine ndimadziwa woimba wamkazi wa ku America dzina lake Patrice." Mayi simukunama, ndi Patrice Rushen ameneyo, woimba komanso katswiri pa piyano, anatchuka kwambiri chakumayambiriro kwa ma 1980. Ku America dzinali analitenga n'kumapatsa kwambiri ana aakazi, makamaka pakati pa anthu akuda, ngati m'bale wake wa Patricia. Ndiye apongozi a ku Kawale aja pang'ono pokha ali ndi poimira, koma ndikukayika ngati amaganiza za ku America pomwe amakana. Kwawo kwa dzinali ndi la amuna, ndaima pomwepo.

Yomaliza ndi kalata yeniyeni ya pa pepala, ya mu envelopu ndi sitampa, zosowa masiku ano, zolemba zake zokongola ngati za pa bolodi. Yachokera kwa agogo athu ena, mphunzitsi wopuma ku Dedza. Ndidumpha moni wake poti ndi wautali, akuti:

"Mwana wanga, ndinamva kuti mudzakamba za dzina la Patrice. Ine ndinali mnyamata pomwe imfa ya Lumumba inalengezedwa ndipo ndimakumbukira aphunzitsi athu akunong'onezana pa khonde. Koma funso langa ndi ili. Munthu amene anamenyana ndi azungu chotero, bwanji tikumukumbukira ndi dzina lachizungu lomwe? Kodi analibe dzina la kwawo? Ndipo achinyamata a lero mukutha maina athu, a Chisomo ndi a Kondwani akuchepa, kwadzadza maina a osewera mpira."

Agogo, zikomo kwambiri, ndipo funso lanu landigoneka mochedwa dzulo. Dzina la kwawo analinalo, iye anali wa mtundu wa Atetela, ndipo Lumumba lomwelo ndi la Chitetela, si lachizungu. Patrice ndi dzina lomwe linabwera ndi sukulu ndi tchalitchi za atsamunda ngati momwe kuno tinalandirira ma Hastings ndi ma John. Ndipo kuti muone kuti funso lanu ndi lolemera, Patrice wotchuka kwambiri Lumumba asanabadwe anali Patrice de MacMahon, mkulu wa asilikali a France, makolo ake anachokera ku Ireland, amene anakhala bwanamkubwa wa atsamunda ku Algeria kuyambira 1864 mpaka 1870 kenako pulezidenti wa France kuyambira 1873 mpaka 1879. Ndiye kuti dzinali linayamba lakhala la wolamulira Aafirika ndi mfuti. Koma lero tayendani kuchoka ku Dakar mpaka ku Nsanje mukufunsa kuti Patrice ndani, palibe angakuuzeni za MacMahon, ngakhale mu France momwemo ana ambiri sakumudziwa. Kwa ine agogo, dzinali Lumumba anawalanda eni ake, basi. Mobutu uja amene anamupereka ndi amene anadzaletsa maina achizungu mu 1972, iye n'kusiya la Joseph-Désiré kukhala Mobutu Sese Seko, koma kusintha dzinako sikunamuletse kudya chuma cha Congo, yomwe anaitcha Zaire, mpaka 1997. Ndiye ine pa nkhani ya maina ndimayamba ndafunsa kuti mwini wake anachita nalo chiyani.

Pa za maina athu pokhapo ndikugwirizana nanu theka. A Chisomo sanathe agogo, pitani ku sikelo iliyonse mukamve, a Chisomo, a Tadala, a Takondwa ndi a Mphatso ali mbwee. Koma zoona ma Ronaldo ndi ma Neymar awonjeza, ndipo wina kwathu anatcha mwana Fabregas, dzina la bambo a munthu, la mtundu wa eni ake ku Spain, mwana akukula nalo pano ali fomu 2. Ana a Patrice sali m'gulu limenelo. Komanso sikuti onse otchedwa Patrice ndi omenyera ufulu ayi, a Patrice Talon a ku Benin ndi munthu wa bizinesi ya thonje amene analowa upulezidenti mu 2016 ndipo otsutsa boma kumeneko anadandaula nawo kwambiri, dzina silisankha.

Nthawi yatithera, wa ma batani akundikodola kale kuseri kwa galasi. Mayi a ku Kawale, langizo langa lomaliza ndi loti apongoziwo apatseni mpata apereke dzina lachiwiri la Chichewa, ndi udindo wawo kale ndi kale, lilembedwe pakati, mwana akhale nawo onse awiri ngati momwe analili Lumumba. Ndipo mudzatilembere kuti ku sikelo anakonza kapena ayi. Sabata ya mawa tili ndi kalata ya bambo wina wa ku Mzimba amene akufunsa za dzina la Didier, a Chelsea konzekani.