Kukopa ovota a chipani china: voti yolemera, koma yobwereka

Amfumu, amayi ndi abambo, ndi achinyamata amene mwaima pakhomopo, mipando ilipo kutsogolo kuno, lowani. Sitifunsa kuti munavotera ndani. Funso limene tasonkhanira muno mu Ndirande ndi lakuti: munthu akamapikisana pa mpando wa pulezidenti, kodi n'kwanzeru kuthera ndalama, mafuta a galimoto ndi mate pokopa anthu a chipani chinacho amene mtima wawo suli wolimba kwenikweni, kapena angolimbikira kumene amakondedwa kale?

Tiyambe ndi masamu, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Tiyerekeze kuti dziko lonse ndi malo amodzi ovotera, ngati pasukulu ina ku Makata, ndipo avota anthu 1,000. Inu mwapeza 440, mnzanu wamkulu 400, tizipani tina tagawana 160. Lamulo la 50+1 likufuna kuti mupeze 501. Mukakopa anthu amene akanavotera ena, mukufunika 61 okha. Koma mukati muwasiye amenewo, mukadzutse anthu anu amene anagona kunyumba osavota, 61 sakwana ayi. Aliyense amene mwamudzutsa akuwonjezera mavoti anu, inde, koma akuwonjezeranso chiwerengero cha onse ovota, ndiye mzere wopambanira ukusunthira patsogolo. Mufunika anthu 121 kuti mukhale ndi 561 pa 1,121. Choncho munthu mmodzi wokopedwa amalemera ngati anthu awiri odzutsidwa. N'chifukwa chake a kampeni amachita naye dyera.

Tsopano titembenuze. Mwakopa 61 aja, koma pokopapo mwalankhula zinthu zimene zakhumudwitsa anthu anu, ndipo 50 mwa iwo akhala kunyumba. Muli ndi 451 pa 950. Kuti mupambane pafunika 476. Mwagwa. Ndipo ngati 50 ajawo sanakhale kunyumba koma avotera chipani chachitatu, muli ndi 451 pa 1,000, dzenje lakula. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kale funsoli silinkavuta m'Malawi muno. Mu 2004 Bingu wa Mutharika analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 peresenti. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi 36.4 peresenti. Ukagwira bwino maboma ako, enawo n'kugawanika, unkalowa. Zinasintha pa 3 February 2020 pamene khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse. Onjezerani apo kalembera wa 2018: Kumwera kuli anthu pafupifupi 44 pa 100 alionse, Pakati 43, Kumpoto 13. Palibe chigawo chimene chingalowetse munthu chokha, ndipo Kumwera kuno sikuvota ngati munthu mmodzi. Thyolo ndi Mangochi sizinayambe zaganiza chimodzimodzi nthawi zonse. Ndiye kuno kwathu, kufuna mavoti a kunja kwa khola lako si nkhani yosankha. Nkhani ndi yakuti ukuwafuna bwanji, ndipo ukulipira chiyani.

Koma anthu "apakati" amenewa ndi ndani? Ku America amanena za munthu amene maganizo ake pa misonkho, mfuti kapena kuchotsa mimba ali pakati pa zipani ziwiri. Kuno zipani zathu sizisiyana kwambiri pa mfundo. Zonse zimalonjeza feteleza wotsika mtengo, misewu ndi ntchito. Wapakati wathu ndi munthu amene anavotera chipani chinacho chifukwa cha chizolowezi, kapena chifukwa n'cha kumudzi kwawo, koma alibe udindo m'chipanimo, savina pamsonkhano, ndipo mtengo wa thumba la chimanga umamupweteka kuposa mtundu wa nsalu. Ndi mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe, mnyamata wa kabaza ku Bangwe, mphunzitsi amene malipiro ake amatha pa 10. Tikudziwa kuti alipo ambiri chifukwa amasiya mapazi. Mu 2019 aphungu oima paokha anapambana mipando 55, chimodzimodzi ndi MCP, pamene UTM, imene mtsogoleri wake Saulos Chilima anapeza 20 peresenti pa upulezidenti, inangopeza mipando inayi. Anthu amenewo anachonga pepala la pulezidenti mwina, la phungu mwina. Munthu wotero amamva zonena.

Njira yachidule imene andale amakonda ndiyo kugwira mtsogoleri wawo, poganiza kuti nkhosa zitsatira. Nthawi zina zimatheka. Mu 2019 Lazarus Chakwera anapeza mavoti pafupifupi 1.78 miliyoni, Chilima 1.02 miliyoni. Atagwirizana mu Tonse, pa 23 June 2020 anapeza 2.6 miliyoni n'kupambana. Koma werengani bwino: kuphatikiza ziwirizo kukanapereka 2.8 miliyoni. Mavoti ena anatayika panjira. Mbali inayo, Peter Mutharika anatenga Atupele Muluzi wa UDF kukhala womutsatira, koma mavoti ake anatsika kuchoka pa 1.94 miliyoni kufika pa 1.75 miliyoni. Inde, anthu ovota anachepa chaka chimenecho, koma mfundo ikhalabe: mgwirizano si kuphatikiza manambala pa bolodi.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha 2009. Bakili Muluzi atakanizidwa kuima, anauza anthu a UDF kuti avotere John Tembo wa MCP. Anthu amenewa anakhala zaka zoposa khumi akumva pamisonkhano ya chipani chawo kuti MCP ndiye mdani. Tembo, amene mu 2004 anapeza pafupifupi 28 peresenti, anangokwera kufika cha m'ma 30. Bingu anapeza pafupifupi 66 peresenti, ndipo anawapeza kuchokera m'zigawo zonse. Iye sanakope anthuwo kudzera mwa atsogoleri awo. Makuponi a feteleza anayamba mu 2005, mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzaza, ndipo munthu wa ku Kasungu kapena ku Rumphi anali ndi chifukwa chakechake chomuvotera. Pa zisankho zonse zimene taona, kukopa kwakukulu kunachitika pamenepo, ndipo kunadzera m'mimba.

Ndipo voti yokopa ndi yobwereka. Pa 16 September 2025 Chakwera anapeza pafupifupi 1.77 miliyoni, 33 peresenti. Taonani, nambala yake yabwerera pamene inali mu 2019, ngati kuti alendo onse a 2020 ananyamula mphasa zawo. Mutharika anapitirira 3 miliyoni, 56.8 peresenti. Pakati pa chisankho cha 2020 ndi cha 2025 panali kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mizere ya mafuta imene tonse tinaiona mu Chipembere Highway, imfa ya Chilima mu June 2024, ndi kutuluka kwa UTM mu mgwirizano. Wovota wapakati alibe ngongole ndi munthu. Amene anakubweretsera chipambano ndi yemweyo amene amayamba kuchoka.

A ku America nawo akukanganabe za zomwezi. Mu October 2024 Kamala Harris wa Democratic anayenda ndi Liz Cheney, wa Republican wotchuka, m'madera a Wisconsin, Pennsylvania ndi Michigan, kuti akope a Republican osakondwa ndi Donald Trump. Madera onse atatuwo anawaluza. Joe Biden anapeza mavoti 81 miliyoni mu 2020, Harris pafupifupi 75 miliyoni. Sitinganene kuti Cheney ndiye anamugwetsa, chifukwa kumenekonso mitengo ya zinthu inali itawawa anthu. Koma zikuoneka kuti kubweretsa munthu wotchuka wa mbali inayo pa nsanja sikubweretsa anthu ake.

Nanga ntchito yeniyeni imagwiridwa bwanji? Imayambira pa tebulo, osati pa msonkhano. Tengani zotsatira za zisankho ziwiri zapitazo, za malo ovotera alionse, osati za boma lonse. Pa malo alionse yerekezani mavoti a pulezidenti ndi a phungu wa chipani chomwecho, ndiponso chaka china ndi chinzake. Pamene chipani chinacho chimapeza 85 kapena 90 peresenti nthawi zonse, musatayepo mafuta ambiri. Ikanipo mamonita okhulupirika basi. Pamene chimapeza 60 chaka chino, 45 chaka china, kapena pulezidenti wawo amapambana koma phungu wawo n'kugwa, apo ndiye pali nthaka yofewa.

Kenako khomo ndi khomo, anthu awiriawiri, ndi kope. Ulendo woyamba si wolalikira. Mufunse chimene chikumusowetsa tulo, mumve, mulembe. Mukatuluka mupatseni nambala: 1 ngati ndi wanu ndithu, 5 ngati ndi wa mbali inayo mpaka m'mafupa, 2, 3 ndi 4 apakatiwo. A 5 asiyeni mwaulemu, kukangana nawo kumangowalimbitsa. A 1 mudzawakumbutsa za tsiku lovota. Nthawi yokopa ithere pa 2 ndi 3, ndipo mubwerereko kawiri kapena katatu, ulendo womaliza m'sabata yomaliza, poti kampeni imatsekedwa maola 48 kuvota kusanayambe. Kucheza kamodzi kumazilala ngati moto wa mapesi.

Wopitayo akhale ndani? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amatumiza mnyamata wovala chipani kuyambira kapu mpaka nsapato, wotchuka ndi kutukwana pa Facebook. Pakhomo la munthu wa chipani china, ameneyo amaoneka ngati wabwera kudzatola ngongole. Tumizani munthu amene amapemphera naye, wa banki m'khonde imodzi, kapena woyandikana naye benchi mumsika, atavala zovala wamba. Ndipo musamupemphe kuti anyoze chipani chake kapena aotche nsalu. Muuzeni kuti phungu wake angathe kumusunga, mukungopempha pepala limodzi la pulezidenti, ndipo m'kachipinda kovotera ali yekha. Anthu ambiri sakana chifukwa chosagwirizana nanu; amaopa kutchedwa wogulitsa ndi abale awo.

Mayi kumbuyoko akufunsa za anthu amene amalandiridwa pa misonkhano, aja amati "lero talandira anthu 500 ochokera ku chipani chakuti". Zikomo mayi. Choyamba, palibe amene amawawerenga anthu amenewo, ndipo ena sabata yotsatira amakalandiridwa kwina. Chachiwiri, ndipo ichi n'choopsa, wolowa kumene ngati ndi wamkulu amabwera ndi mtengo wake: mpando mu komiti yaikulu, kapena kuima pa uphungu popanda mapulaimale. Tsono taganizani za amayi amene avina zaka khumi ndi zisanu, ndi mkulu wa dera amene wakhala akugula yekha mayunitsi a foni pa ntchito za chipani. Akuona munthu amene ankawanyoza chaka chatha atakhala pa sofa kutsogolo. Sakuuzani kanthu. Wogonja pa mapulaimale okhotawo amaima payekha, anthu ake amamutsatira, ndipo tsiku lovota palibe wogogoda m'makomo kudzutsa anthu. Aja 50 okhala kunyumba a m'masamu athu amachokera pamenepa. Wolowa alandiridwe, koma ayambe wagwira ntchito, ndipo mapulaimale achitike poyera.

Cholakwika china ndi malirime awiri. Kale munthu ankatha kulankhula zina ku Mzuzu, zina ku Mulanje. Lero kanema wa masekondi makumi atatu amafika pa WhatsApp ku Chilomoni msonkhano usanathe. Choipa kwambiri ndi kunyoza mtundu kapena chigawo kuti anthu ako akuwombere m'manja. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Sungatukwane mtundu wa munthu Loweruka n'kukapempha voti yake Lolemba. Dzudzulani ntchito za mtsogoleri wawo, koma amene anamuvotera asamve kuti mukuwatcha opusa. Za kugawa ndalama ndi ufa sitichedwapo: lamulo la zipani la 2018 limaletsa, ndipo anthu anaphunzira kalekale kulandira ndi manja awiri n'kukavota za kumtima.

Uthenga wabwino wokopera ndi umene munthu wanu wakale akaumva sakhumudwa, ndipo wa mbali inayo akaumva sachita manyazi kuvomereza. Mtengo wa feteleza, mankhwala m'zipatala, mafuta, madzi a m'mipopi amene ku Machinjiri amatha masiku osatuluka. Ngati kuti mukope wina mukuyenera kusiya lonjezo limene anthu anu anakukonderani, bwererani ku masamu aja muwerengenso, chifukwa mwina mukugula 61 pa mtengo wa 150.

Bambo apa afunsa kuti ndalama zigawidwe bwanji pakati pa ziwirizi. Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense, koma njira yopezera ilipo. Werengani mavoti amene mungapeze anthu anu onse olembetsa atatuluka monga anatulukira pa chisankho chimene munachita bwino kwambiri. Ngati akufika pa 47 kapena 48 peresenti, ikani mphamvu zambiri pa kalembera ndi kudzutsa anthu, kukopako kukhale kongomalizira. Ngati akuthera pa 35 kapena 38, monga zakhalira ndi zipani zathu zazikulu zikaima zokha pa zisankho zingapo, ngakhale mutanyamula odwala pa machira simufika, ndipo kukopa kuyenera kuyamba zaka ziwiri kapena zitatu chisankho chisanafike, osati m'masiku 60 a kampeni. Ndipo musanagogode pakhomo lililonse, funsani kaye ngati mwini khomolo analembetsa. Amene alibe dzina m'kaundula wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ngakhale mumukope mpaka agwetse misozi, tsiku lovota adzangoonerera mzere.

Achinyamata a pakhomo aja, mmodzi wa inu anakweza dzanja kalekale. Bwerani pafupi kuti onse amve.