Vitamini wobisika m'njere ya nsawawa

(Pa sikirini: njere youma ya nsawawa ili pa mbale ya galasi)

Kanjere aka kakuoneka ngati kakufa, koma mkati mwake muli katundu yense amene kadzafune tsiku lomera. Lero tiona chinthu chimodzi chokha mwa katundu ameneyu: puloteni yotchedwa SBP65, imene asayansi tsopano amaipanga mu labotale n'kumaigulitsa m'timabotolo.

Tiyambe ndi biotin. Ameneyu ndi vitamini B7. Ife anthu sitimupanga, timamupeza m'zakudya, pomwe zomera zimadzipangira zokha. Ntchito yake ndi kumamatira pa ma enzaimu ena (mapuloteni amene amafulumizitsa ntchito za m'thupi la chamoyo) kuti athe kugwira ntchito. Imodzi mwa iwo ndi acetyl-CoA carboxylase, imene imayambitsa kupanga mafuta m'selo. Biotin akasowa, enzaimu imeneyi imangokhala chabe.

Ndiye mu 1994, ofufuza a ku France anapeza chodabwitsa m'njere za nsawawa. Munali puloteni yolemera pafupifupi 65 kDa (kDa ndi muyeso wa kulemera kwa mapuloteni), yonyamula biotin, koma si enzaimu ayi: imeneyi ndiyo SBP65 ija. Imayamba kuchuluka njere ikamakhwima n'kumauma, ndipo njere ikayamba kumera, imaphwanyidwa n'kutha. M'masamba simuipeza, ndi ya m'njere basi. Ofufuza ambiri amaitenga ngati nkhokwe: chomera chimasungiramo vitaminiyu kuti kambewu kongomera kumene kadzamupeze pamene kakufunika kukula msanga. Soya nayenso ali ndi puloteni ya mtundu womwewu.

Chimene chimandikopa ine ndi malo amene biotin amamatirapo. Pa ma enzaimu, amamangidwa pa lysine, imodzi mwa ma amino acid (tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni), yomwe imakhala pakati pa kandandanda kodziwika bwino ka ma amino acid anayi, AMKM, kofanana kuyambira mabakiteriya mpaka anthu. Pa SBP65 biotin ali pa lysine ndithu, koma kandandanda kaja palibe. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, tiifuna posachedwa.

(Pa sikirini: botolo la mabakiteriya likugwedezeka m'makina)

Nanga amaipanga bwanji? Kupera njere zambirimbiri n'kotopetsa, ndipo puloteni imatuluka yosakanikirana ndi zina. M'malo mwake amatenga jini yake, kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteniyo, n'kuiika mwa bakiteriya E. coli, kapena mu yisiti, kapena m'maselo a tizilombo touluka. Maselowo amawerenga jiniyo n'kuyamba kupanga puloteni ya nsawawa ngati yawo. Kumapeto kwa puloteniyo amalumikizako kamchira ka ma amino acid 6 otchedwa histidine, kamene kamagwira chitsulo cha nickel. Mukathira zonse mu chubu chokhala ndi nickel, zinyalala zimadutsa, puloteni yanu imatsalira. Kenako amaiyendetsa pa gel, pamene mapuloteni amasiyana n'kuoneka ngati mizere, kuti aone kuyera kwake, n'kuiumitsa kukhala ufa.

Tsono apa mpamene ambiri amapunthwa. Jini imangouza selo ndandanda ya ma amino acid. Biotin sali m'jini. Amamatidwa pambuyo pake ndi enzaimu ina. Bakiteriya ali nayo enzaimu yotere, BirA, koma inazolowera mapuloteni ake. Ndiye puloteni ya m'njere, ya kandandanda kachilendo kaja, musangoganiza kuti yatuluka ili ndi biotin chifukwa choti dzina pa botolo likutchula biotin. Yesani nokha. Ikani puloteniyo pa blot (kapepala kogwira mapuloteni), thirani streptavidin (puloteni yogwira biotin) yokhala ndi chizindikiro, muone ngati mzere utuluke. Ngati mukungofuna kupangira ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha thupi ozindikira puloteniyo), mwina sizikukhudzani kwambiri. Koma ngati funso lanu ndi la momwe njere imasungira vitamini, puloteni yopanda biotin ikusocheretsani.

Streptavidin tatchulayi ndi mnzake wa avidin, puloteni ya m'choyera cha dzira. Zonse ziwiri zimagwira biotin, iliyonse anayi nthawi imodzi, ndipo zikagwira sizitaya wamba. N'chifukwa chake labotale zambiri zimazigwiritsa ntchito posaka zinthu. N'chifukwa chakenso amene amayeza njere ndi streptavidin amatha kuona mzere wakuda umene sanauitane: ndi mapuloteni a njereyo amene ali kale ndi biotin wawo.

Musasokoneze SBP65 ndi avidin ya m'chimanga, chifukwa pofufuza pa intaneti zimabwerera limodzi. Imeneyo ndi nkhani ina. Mu 1997 kampani ya ku America, ProdiGene, inatulutsa avidin yopangidwa m'njere za chimanga zimene anaziika jini ya nkhuku, ndipo Sigma inayamba kuigulitsa. Apa njere ndi fakitale chabe, puloteniyo ndi ya nkhuku. Chimangacho chinapezekanso kuti tizilombo tambiri towononga mbewu zosungidwa timalephera kukula tikachidya, chifukwa avidin amatilanda biotin.

Botolo lanu likafika, lisungeni mufiriji pa -20 °C kapena -80 °C. Mukasungunula ufawo, ugaweni m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwelo, kuti muzitulutsa kamodzikamodzi. Kuumitsa mufiriji ndi kusungunula mobwerezabwereza kumawononga puloteni, ndipo pa gel mukhoza kuona mizere yambirimbiri m'malo mwa umodzi.