Makalata a omvera: Ndalama zokhalira kudziko la eni

Moni nonse omvera athu a ku Angonia, Tsangano, Macanga, Chifunde mpaka ku Moatize. Sabata ino ndasankha makalata atatu omwe akufunsa chinthu chimodzi, ndalama zomwe munthu amadya akakhala nthawi yaitali kunja kwa dziko.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Domwe. Akuti: "Chaka chino mbatata ya kachewere yandiyendera bwino, ndipo nditagulitsa ndatsala ndi mametikali 35,000. Msuweni wanga amakhala ku Johannesburg. Akuti ndipite ndikakhale naye miyezi itatu, ndikaone mmene malonda a zovala amayendera. Wandiuza kuti ndingopeza ya basi, zina zonse akaona yekha. Kodi ndalamayi ikwana?"

Achimwene, zikomo polemba musanakwere basi, chifukwa ambiri amatilembera zinthu zitavuta kale. Tiyambe ndi masamu. Randi imodzi imagulidwa ndi mametikali atatu ndi theka kapena cha pamenepo, ndiye ndalama yanuyo ikasinthidwa ndi marandi pafupifupi 10,000. Mukaigawa pa masiku 90 a miyezi itatu, tsiku lililonse likugwera marandi 110, ndipo apa sitinachotse ya basi yopita ndi yobwerera. Mukachotsa imeneyo muona kuti zotsalazo ndi zochepa kuposa mmene zikuonekera zili m'thumba ku Domwe.

Chomwe chimasokoneza ife anthu a kumunda ndi ichi. Kwanu kuno ufa mumatapa m'nkhokwe, nyemba zili m'thumba pakona, nkhuni mumatola, madzi mumatunga padilawo, ndipo nyumba simulipira lendi. Mwezi umatha mutangogula mchere, sopo, mafuta ophikira ndi ya kuchigayo. Ku Joni chilichonse mwa zimenezi chili ndi mtengo. Ufa ndi wa m'sitolo, masamba omwe kuno amangomera kuseri kwa nyumba kumeneko amagulitsa kamtolo. Magetsi ndi ogula mayunitsi ngati Credelec yathu yomweyi, koma kumeneko ambiri amaphikira magetsi omwewo, kutenthetsera madzi osamba, ndipo mu June ndi July amayatsanso hita usiku wonse. Inu a ku Angonia chisanu mumachidziwa, komatu kuno mumaotha moto wa zitsononkho osalipira kanthu. Ndiye pali mayendedwe. Mzindawo ndi waukulu, simungaumalize wapansi ngati Ulongwe. Kuchoka komwe mukugona kupita komwe amapikulitsa zovala mwina mukwera matekisi awiri popita, awiri pobwera, tsiku ndi tsiku. Ndalama ya ulendo imathera mu tinthu timeneti, tomwe munthu salemba n'komwe.

Za msuweni wanu, ndikukhulupirira kuti walankhula ndi mtima wabwino. Koma ambiri mwa abale athu kumeneko amakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo eni nyumba ena akaona munthu wachiwiri amakweza lendi kapena ya madzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wa miyezi itatu si mlendonso, ndi munthu wa pakhomo, ndipo wa pakhomo amasonkha. Muimbireni musananyamuke, mumufunse mosabisa kuti lendi amalipira zingati, magetsi amatha angati pa mwezi, ndipo inu mudzathandiza pati. Ndi bwino manyazi akugwireni lero pafoni kusiyana ndi kudzaona nkhope yake itasintha sabata yachitatu. Zikadzavuta n'kufuna chipinda chanuchanu, dziwani kuti eni nyumba ambiri amafuna dipoziti pamwamba pa lendi ya mwezi woyamba.

Tsopano chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti miyezi itatu. Kuyambira 2005, munthu wa pasipoti ya Mozambique amalowa ku South Africa popanda viza, koma chidindo chimakhala cha masiku osapitirira 30. Chidindo chimenecho ndi cha mlendo, sichikupatsani chilolezo chogwira ntchito. Ndipo malamulo omwe anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati mukapyola masiku anu, potuluka amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo. Mukapyola ndi masiku ochepa amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, mukapyola ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Munthu wofuna kudzachita malonda a zovala, kumapita ndi kubwera, sangayambe ndi kudzitsekera khomo lotere. Maganizo anga ndi akuti mukonze ulendo wa mwezi umodzi. Ndalama yanuyo pa mwezi umodzi ikukwanirani, ndipo itsalako yogulira katundu woyamba.

Panjira, basi ikawoloka Zambezi mu Tete imalowera ku Cuchamano, kudutsa Harare mpaka ku Beitbridge, komwe mzere umatha kukudyerani maola ambiri. Mu Zimbabwe zambiri amagulitsa pa madola a ku America, ndipo chenji chimavuta, choncho tengani kamba wanu, chimanga chokazinga, mtedza ndi botolo la madzi. Ndalama yobwererayo musaiphatikize ndi yodyera. Isiyeni kwa mayi anu kapena pa M-Pesa, idzatumizidwe tsiku lomwe mwaifuna.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Tsangano. Akuti: "Amuna anga akudwala, ndipo tagwirizana pabanja kuti tipite nawo kuchipatala ku Lilongwe. Ine ndiye ndikawadikire, mwina mpaka miyezi iwiri. Tagulitsa ng'ombe. Kodi ndisinthe ndalama zonse pa boda kuti ndisamavutike?"

Mayi, pepani ndi matendawo, Mulungu awakhudze bambowo. Yankho langa ndi lakuti ayi, musasinthe zonse. Kwacha ya Malawi yakhala ikugwa mphamvu. Mu May 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu m'misika imakwera pafupipafupi. Metikali yathu kwa zaka zingapo yakhala pafupi ndi 64 pa dola imodzi. Ndiye ndalama ya ng'ombeyo ikakhala m'mametikali imasungika bwino kuposa ikakhala m'makwacha. Sinthani yokwanira sabata imodzi kapena ziwiri, ikatha musinthenso. Pa Calomue kapena pa Zobwe anyamata osintha ndalama adzakuzungulirani ndi mipukutu m'manja, aliyense akuitana mayi, mayi. Munthu wotopa yemwe ali ndi wodwala ndi amene amamupusitsa powerenga. Pitani pamalo ovomerezeka, ndipo muwerenge nokha musanachoke pawindo.

Wodikira wodwala amadya ndalama kuposa mmene a pabanja amaganizira. Amayi odikira odwala amagona pamalo awo kunja kwa mawodi, ndipo amadziphikira okha. Mukafika mudzaona mafuwa atandandalika, aliyense ndi kapoto kake, m'mawa phala la wodwala, masana nsima. Makala kapena nkhuni ndi zogula, sopo wochapira zofunda amatha msanga, ndipo nthawi zina dokotala amalemba mankhwala oti mukagule kufamase. Ngati chipatalacho ndi cha mishoni, dziwani kuti chimalipiritsa. Tengani poto, mbale, chidebe, mphasa ndi bulangete lanu kuchokera kunyumba, kuti musakagule zinthu zomwe muli nazo kale. Ufa ndi nyemba achibale akhoza kumakubweretserani akamabwera kudzazonda, poti Tsangano ndi Malawi ndi khomo ndi khomo. Ndipo ndikupempheni a pabanja omwe mukumvera, musawasiye mayiwa okha miyezi iwiri. Sinthanani, chifukwa nawonso munda wawo ukudikira. Masiku omwe akulemberani pa boda muwayang'ane, akatsala pang'ono kutha pitani ku ofesi ya Immigration mukawonjezere.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa bambo a ku Moatize omwe mwana wawo akupita kukaphunzira ntchito ku Lusaka. Akufunsa ngati angapitirize kugwiritsa ntchito nambala ya kuno.

Bambo, nambala ya kuno ikawoloka malire imadya kirediti mofulumira kwambiri. Akafika agule simu khadi ya kumeneko, amalembetsa ndi pasipoti, ndipo muziyankhulana pa WhatsApp. Ya kunoyo aisunge bwino, asaitaye, makamaka ngati ili ndi M-Pesa kapena e-Mola. Potumiza ndalama, tumizani kamodzi pa mwezi m'malo motumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse, popeza ulendo uliwonse amadulapo yawo.

Nthawi yatithera. Inu omwe muli ku Joni, ku Lilongwe kapena ku Lusaka ndipo mukutimva, tilembereni mitengo ya lendi, ufa ndi mayendedwe ya komwe muliko mwezi uno, ndidzaiwerenga pa pulogalamu ya sabata yamawa.