Apilo ili ndi masiku ake, musagone nayo kalata m'baibulo

A gulupu, mafumu onse, abusa, a shehe, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Mwacherwa tani kumbuyoko? Sunthirani mumthunzi muno, dzuwa la kuno kwa Ngabu silinyengerera munthu ndipo ine sindikufuna wina akomoke ndisanafike pa mfundo.

Nkhani zomwe zatisonkhanitsa mukuzidziwa kale, zakhala zikukambidwa pa mjigo ndi kuchigayo sabata yonseyi. Mwana wathu wamkazi uja amagwira ntchito pa esiteti ina, dzina sinditchula, mimba itangoyamba kuoneka kapitawo anangomuuza kuti mawa usabwere, kalata anampatsa, iye nkukaipinda bwinobwino kuiika m'baibulo, miyezi inayi yatha ali phee kudikira kuti mwina amuitananso. Ina ndi ya mnyamata wa mbuzi uja, wina anamunamiza ku selo kuti ukangovomera majisitireti akumvera chisoni, anavomeradi, pano ali mkati ndipo abale akungoti tikachita apilo, tikachita apilo, ngati apilo ndi basi yomwe imadikira pa siteji mpaka idzaze. Apilo ili ndi masiku ake. Gwirani mawu amenewo, ndiwabwereza mpaka mutope nane.

Tiyambe ndi makwerero a makhothi. Pansi pali khothi la majisitireti, ngati lomwe mumapitako ku boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Pambali pake pali khothi la za ntchito, lomwe maloya amangoti IRC, limenelo limamva madandaulo a olembedwa ntchito ndi mabwana awo. Pamwamba pa awiriwa pali khothi lalikulu, High Court, lathu lapafupi ndi la ku Blantyre, mukwere zigizagi ya pa Thabwa. Ndiye pamwamba pa onse pali Supreme Court of Appeal, amenewo akalankhula kulibenso kwina kothawira.

Tsono chomwe ambiri simudziwa ndi ichi. Jaji wa apilo sakhala pansi kuti amverenso nkhani yonse kuyambira pomwe tambala analira, kuti mbuzi inali yamawanga kapena yakuda, ayi. Iye amatenga failo, amawerenga zomwe zinalembedwa kukhothi lapansi, kenako amatsegula zigamulo zakale nkufunsa kuti mlandu ngati uwu akuluakulu apamwamba anaugamula bwanji kale, nanga majisitireti uyu watsata kapena wasochera. Inu a mfumu mukudziwa, pakabwera mlandu wa malire a dimba mumafunsa akuluakulu kuti malemu a gogo anu anauweruza bwanji wofanana nawo, ndipo mukaweruza mosiyana anthu amang'ung'udza kuti mwakondera. Kukhothi ndi chimodzimodzi koma kumeneko zinalembedwa ndipo ndi zokakamiza. Zomwe yagamula Supreme Court, High Court iyenera kutsata. Zomwe yagamula High Court, majisitireti ndi a IRC ayenera kutsata, kaya akuzikonda kaya sakuzikonda.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe chinasintha miyoyo ya anthu, mwina ena ndi abale anu. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, chilango chinali chimodzi basi, kunyongedwa. Jaji analibe mphamvu yofunsa kuti kodi munthuyu anali mwana, anali wodwala mutu, anachita kuputidwa, ayi ndithu. M'chaka cha 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inati lamulo lokakamiza jaji kupereka imfa mosayang'ana munthu ndi losemphana ndi malamulo akulu a dziko. Ndipo majaji aja sanangozitola m'mutu, anawerenga mpaka chigamulo cha mlandu wa Reyes wochokera ku Belize, dziko lakutali komwe ambiri ife sitidzapondako, poti malamulo athu akulu amalola kuonera zigamulo za maiko ena zikakhala zofanana. Chaka chomwecho Supreme Court inavomereza mfundoyi pa mlandu wa Jacob. Mu 2010 pa mlandu wa Yasini inanenanso kuti onse omwe anapatsidwa imfa pa lamulo lakale lija ayenera kumvedwanso pa chilango chawo. Kumvedwako kunadzayamba mu 2015, ndipo ambiri omwe ankangodikira chingwe ku Zomba anatuluka nkubwerera kwawo. Mwaona? Anthu ochepa anadandaula, chigamulo chawo nkukatsegulira chitseko anzawo omwe sanawaonepo nkomwe.

Inanso ndi ya vakabu. Abambo amene munagonako m'selo chifukwa chongopezeka pa Dyeratu usiku mukudikira galimoto, kwezani manja. (anthu akuseka) Eee manyazi, ndikukuonani. Panali wogulitsa majumbo ku Blantyre, Mayeso Gwanda, apolisi anamugwira mbandakucha mu 2015 akupita kukagulitsa malonda ake, akuti ndi vakabu. Iyeyu sanangolipira faindi nkupita ngati momwe timachitira ambirife, anakana, nkhani inakafika ku High Court ndipo mu Januwale 2017 majaji anathetsa kachigawo ka lamulo komwe amamangira anthu mwa njira imeneyo. Kuyambira pamenepo majisitireti aliyense, wa ku Nsanje, wa ku Karonga, sangamugamule munthu ndi kachigawo kameneko. Koma musapite mukauze anyamata kuti loya wanena kuti usiku ndi wathu, choyamba ine si loya, chachiwiri milandu ina yonse ikadalipo, ukapezeka m'khola la eni ake usiku usatchule za Gwanda.

Tibwere ku za ntchito, amayi tcherani khutu apa. Gawo 20 la malamulo akulu limaletsa tsankho, ndipo lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 likunena poyera kuti bwana sangakuchotse popanda chifukwa chomveka, komanso ngati akukunenera kuti walakwa kapena ntchito sukuitha ayenera kukupatsa mpata woti udziteteze asanakuchotse. Mimba si mlandu. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake, kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo chokoma nchakuti kukhothi amene ayenera kuonetsa chifukwa chochotsera munthu ndi bwanayo, akalephera khothi limatenga kuti anakuchotsa mopanda chilungamo.

Mu 2005 khothi la za ntchito linagamula mlandu wa Banda ndi Lekha. Mayi anapita yekha kukayezetsa magazi, anapezeka ndi HIV, bwana atamva anangomuchotsa osamumva nkomwe. Nthawi imeneyo mawu oti HIV sanalembedwe pa mndandanda wa tsankho loletsedwa, ndiye khothi linatani? Linaonera chigamulo cha ku South Africa cha mlandu wa Hoffmann, munthu yemwe kampani ya ndege inamukana ntchito chifukwa cha HIV ndipo khothi lakumeneko mu 2000 linati limenelo ndi tsankho, nkunena kuti kunonso ndi chimodzimodzi. Pano tili ndi lamulo la HIV la 2018 lomwe likuletsa tsankho lotere pantchito, koma onani kuti khothi linayamba kale kuteteza anthu lamulolo lisanabwere. Koma pali kampeni kumphasa. Ukaluza ku IRC, apilo yopita ku High Court ndi ya pa mfundo za malamulo zokha, osati kukayambiranso kukangana kuti kapitawo ananena chiyani tsiku lija, ndipo uli ndi masiku 30 okha. Ndiye umboni wako wonse, kalata, mapepala a malipiro, buku la kusikelo, mnzako yemwe anamva kapitawo akulankhula, zonse zituluke pa khothi loyamba. Osasunga zina kuti ndikazitulutsira kutsogolo, kutsogoloko kulibe malo ake. Apilo ili ndi masiku ake.

Ee, a malume, mwakweza ndodo, lankhulani.

(Bambo wina wachikulire: Mwanawe, ngati amatsatadi zakale, bwanji mwana wa mlongo wanga anaba ng'ombe imodzi anam'patsa zaka zambiri, wina wa ku Bangula anabanso imodzi yomweyo koma chaka chisanathe tinamuona pa msika? Si ndalama zimenezo?)

A malume mwafunsa zomwe aliyense pano amafuna kufunsa koma amaopa. Sindikuuzani kuti ziphuphu kulibe m'dziko muno, mungandiseke. Koma musathamangire pamenepo, chifukwa kutsata chigamulo chakale sikutanthauza kuti ng'ombe imodzi zaka mwakuti, ng'ombe ziwiri zaka mwakuti ngati mitengo ya thonje pa sikelo. Chomwe makhothi apamwamba anaika ndi zinthu zoti woweruza aziyang'ane. Kodi ndi koyamba kulakwa kapena ndi kabwerebwere? Ndi wamng'ono msinkhu? Ng'ombeyo inapezeka yamoyo nkubwezedwa kwa mwini wake kapena inathera pa butchala? Anali yekha kapena anali gulu la zikwanje usiku, anamenya m'busa? Anavomera msanga osataya nthawi ya khothi? Ndiye anthu awiri akhoza kuba ng'ombe imodzi imodzi nkulandira zosiyana, ndipo zonse nkukhala zolondola. Maloya ntchito yawo yaikulu ndi imeneyo, wa boma amati mlandu uwu ukufanana ndi wakuti wakale, wa woimbidwa mlandu amati ayi ukusiyana apa ndi apa, jaji nkuona kuti ukufananadi kapena ayi.

Ndipo apa mpomwe apilo imagwira ntchito a malume. Ngati mwana wa mlongo wanu anali woyamba kulakwa, ng'ombe inabwezedwa, koma majisitireti sanaziganizire nkomwe zimenezo pomwe High Court inanena kale kuti ziziganiziridwa, imeneyo ndiye mfundo yokwera nayo ku Blantyre. Osati kukanena kuti ndife osauka, ana akuvutika, madzi anatikokolera mapira, jaji amva chisoni inde koma chisoni chokha sichigwetsa chigamulo. Mwinanso wa ku Bangula uja anatuluka chifukwa failo yake inakaunikidwa ku High Court, poti zilango zina za majisitireti zimayenera kukatsimikizidwa kumeneko ndipo jaji akhoza kuchepetsa, kapenanso kuonjezera, zimachitika.

Ndiwonjezere kamodzi poti mwanditsegula pakamwa. Si mawu onse a jaji omwe amamanga ena, chomwe chimamanga ndi mfundo yomwe mlanduwo waimapo, zina amangolankhula podutsa. Mukukumbuka mu Epulo 2021 mawailesi onse analengeza kuti Supreme Court yathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Khoviwa? Anthu anavina. Pofika Ogasiti chaka chomwecho majaji ena a khothi lomwelo anatulukira nkunena kuti ayi, funso limenelo silinali pamaso pathu, amenewo anali maganizo a mnzathu mmodzi. Ndiye chilango cha imfa chikadali m'mabuku ngakhale kuti boma silinanyongeponso munthu kuchokera 1992. Nchifukwa chake ndimadana ndi zomva pa WhatsApp kapena kwa a kabaza kuti khothi linagamula zakuti, pitani mukafunse amene wawerenga chigamulo chonse.

Ndikuona amayi kumbali uko mwayamba kumanga ana kumbuyo, ndiye ndithamange, mvetserani.

Akakuchotsa ntchito pempha kalata yonena chifukwa, usasayine pepala lomwe sunalimvetse ngakhale akuonetse ndalama patebulo, ndipo upite ku ofesi ya leba ya m'boma lako miyezi 3 isanathe, iwowo akalephera kukuyanjanitsani nkhani imapita ku IRC. Kalatayo m'baibulo isungemo kuti isanyowe, koma miyendo iyende. Wachibale akamangidwa, apolisi ayenera kumufikitsa kukhothi pasanathe maola 48, ngati mwadutsa Loweruka ndi Lamulungu ndiye tsiku loyamba lomwe khothi latsegula. Muuzeni asavomere mlandu chifukwa choti wina wamuuza ku selo, avomere ngati anachitadi ndipo wamvetsa zomwe akumuwerengera, chifukwa ukavomera wekha pamaso pa majisitireti apilo yako imatsala ya pa chilango chokha, zoti sindinabe zija wazitsekera wekha. Chigamulo chikaperekedwa, chidziwitso cholemba choti mukufuna apilo chiperekedwe masiku 10 asanathe, ali kundende akhoza kudzera kwa oyang'anira ndende, inu kunja kuno pemphani kope ya chigamulo kwa kalaliki wa khothi ndipo lembani nambala ya mlandu penapake posatayika. Mukachedwa khothi likhoza kukulolani koma pokhapokha mutapereka chifukwa chomveka, zoti timadikira tigulitse thonje musadalire. Ndalama ya loya ngati palibe, kuli a Legal Aid Bureau, ndi a boma, anawaikira anthu ngati ife tomwe, komanso ma paralegal, anthu othandiza pa za malamulo koma si maloya, omwe amayendera ndende ndi mapolisi, afunseni.

Masiku 10, masiku 30, miyezi 3. Nenani nonse. (anthu akubwereza) Kumbuyoko sindinamve, abambo a pa njinga inu, nenaninso. Eya.

Amene mwabwera ndi mapepala musapite, tikhala pa benchi apo ndiziona mmodzi mmodzi, oyamba akhale omwe masiku awo atsala pang'ono kutha. A gulupu, ndabweza kwa inu.