Utsi wozizira: n'chifukwa chiyani moto wa utuchi umazima usiku?

Amayi ndi abambo, takulandirani. Amene muli kumbuyoko sunthirani kuno kuti muone bwino kachipangizo kali patebuloka.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kuwamba kumene tonse timakudziwa, kwa mlamba kapena nyama pa waya, kumagwiritsa ntchito moto ndi utsi pamodzi, ndipo nyama imapsa. Za lerozi n'zina. Pano tikufuna utsi wokhawokha, wopanda kutentha, monga amachitira anthu a ku Germany, Poland ndi Britain pokonza bacon, ham ndi soseji zouma. Mkati mwa bokosi lofukiziramo musapitirire madigiri 25. Kukatentha kuposa apo mafuta a nkhumba amayamba kufewa, ndipo tizilombo timaswana mofulumira. N'chifukwa chake kwathu kuno ntchitoyi ndi ya usiku, m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mu Okutobala musayese n'komwe.

Kachipangizoka pa Chingerezi amati cold smoke generator. Ndi kathireyi ka waya wa sefa wosachita dzimbiri, kotalika pafupifupi masentimita 15 mbali zonse, ndipo mkati mwake muli timakoma topanga kanjira kokhotakhota. Mumadzaza utuchi m'kanjiramo, n'kuyatsa kumapeto kumodzi. Moto suyaka lawi ayi, umangonyeka pang'onopang'ono ngati ndudu, kutsata kanjirako. Utuchi wokwana pafupifupi magalamu 100 ukhoza kufuka maola 8 mpaka 10. Koma dandaulo la anthu ambiri ndi limodzi: munthu wayatsa madzulo, wapita kukagona, m'mawa akupeza moto unazima utangoyenda chala chimodzi.

Nthawi zambiri mlandu umakhala wa chinyezi. Khala limene likuyenda mu utuchimo ndi laling'ono kwambiri, ngati nsonga ya chala. Lisanayatse utuchi wa patsogolo pake, liyenera kuyamba lauumitsa. Ngati utuchiwo uli ndi madzi, mphamvu yonse ya khala imathera poumitsa madziwo, ndiye limafa. Vuto n'lakuti utuchi umanamiza. Mukaukhudza umaoneka wouma, chonsecho wayamwa chinyezi cha mumpweya, makamaka masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, amenenso ndi masiku ozizira oyenera ntchitoyi. Choncho musaukhulupirire. Uumitseni tsiku lomwelo. Yalani pathireyi mopyapyala, ikani mu uvuni pa madigiri 100 kwa mphindi 30 kapena ola limodzi. Amene mulibe uvuni, ikani m'chiwaya chouma pa mbaula ya moto wochepa, muzitakasa ngati mukukazinga mtedza, mpaka nthunzi itasiya kutuluka, koma usade. Ukazizira, sungani m'botolo kapena m'chidebe chotseka bwino. Thumba la saka silisunga kanthu. Poyesa, fumbatani utuchi m'dzanja n'kutambasula. Wouma umayoyoka wokha. Ukagwirana ngati chibuma, bwezerani pamoto.

Kukula kwa utuchi nakonso n'kofunika. Zopala za pulena, zija zopotanapotana, zimasiya mipata yaikulu, ndiye moto umalephera kudumpha kuchoka pa china kupita pa chinzake, apo ayi zimangoyaka lawi n'kutha. Wosalala kwambiri ngati ufa woyera umatsekeka, mpweya sulowa. Wabwino ndi wofanana ndi mgaiwa wokhakhala. Sefani, zikuluzikulu mutaye.

Pothira, dzazani kanjira konse koma mulekeze pang'ono pansi pa milomo ya timakoma. Gogodani thireyi patebulo kawiri katatu kuti utuchi ukhazikike, kenako sisitani ndi chala mopepuka. Osatsendera ngati mukutsendera fodya m'belo. Onetsetsani m'makona, chifukwa moto umakonda kufera pokhota, pamene utuchi umakhala wochepa ndipo waya wozungulira mbali ziwiri umaba kutentha kwa khala. Mukadzaza mopitirira, zimachitika zosiyana: moto umalumpha khoma n'kuyatsa mizere iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Utuchi wa usiku wonse umatha m'maola atatu, bokosi limatentha, utsi umachita kuti tolo.

Poyatsa, ikani kakandulo kakang'ono pansi pa poyambira, pamene utuchi watsetsereka. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka muone khala lofiira lokula ngati ndalama yachitsulo, kenako chotsani kandulo. Musaiwale kuichotsa, chifukwa utsi wa kandulo umanunkhitsa nyama. Palafini ndi spirit ayi. Ndipo musathamangire kutseka bokosi. Kasiyeni panja mphindi 10 kapena 15 muone ngati khala layamba kuyenda. Amene muli ndi mtundu wina uja wonga paipi ya mabowo, wothiramo ma pellet (timibulu ta utuchi wotsendera), wanu umafuna moto waukali wa gasi: lawi liyake mphindi 5 mpaka 10, kenako mulizime pouzira kuti patsale makala.

Tsopano mpweya, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa akuganiza kuti akuchita bwino. Munthu amati utsi usathawe, ndiye amamata mabowo onse ndi nsanza. Moto wopanda mpweya umafa. M'bokosi la moto waukulu, kutentha kumakoka mpweya kokha. Muno kutentha kulibe, ndiye kukoka kwake n'kofooka, muyenera kukuthandiza. Pakhale mabowo pansi olowera mpweya ndi bowo pamwamba lotulukira utsi, ndipo lapamwambalo likhale lotsegula usiku wonse. Ngati bokosi lanu ndi mgolo wa malita 200, boolani mabowo atatu kapena anayi okula ngati chala chachikulu m'munsi mozungulira. Mgolowo ukhale woti simunakhalepo mafuta a galimoto kapena mankhwala. Kachipangizoka musakakhazike pansi penipeni. Kaikeni pa njerwa ziwiri zotalikirana kuti mpweya uzidutsa pansi pa sefa, chifukwa khala limapumira pansipo. Simenti yozizira imayamwanso kutentha.

Utsi wabwino ndi wopyapyala, wooneka wabuluu pang'ono, wotuluka mosalekeza. Utsi ukamangozungulira mkati osatuluka, umasiya phula lowawa pa nyama, lija limachititsa dzanzi lilime. Komanso mphepo ikachuluka imapemerera khala, utuchi n'kutha msanga, choncho ikani mgolo pobisika, pakhonde kapena kuseri kwa khoma. M'nyumba ayi. Utsi wonyekawu uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene umapha munthu ali m'tulo, monga imachitira mbaula m'chipinda chotseka.

Mayi afunsa kuti nanga utuchi uli wouma, mpweya ulipo, koma ukuzimabe? Yang'anani pamwamba pake. Dontho limodzi la madzi a mchere kuchokera ku nyama likagwera pa khala, basi kwatha. Kachipangizo kakhale chapambali, osati pansi penipeni pa nyama, kapena kapangireni kadenga ka lata kapena foyilo, kokwezeka masentimita 10 kuti mpweya uzidutsabe. Nyamayonso isalowe yonyowa. Mukaichotsa mu mchere, itsukeni, ipukuteni, igone m'firiji yosavundikira usiku umodzi mpaka kunja kwake kuzimata pang'ono mukakhudza. Utsi umagwira bwino pa nyama yotere. Ena amaika mabotolo a madzi oundana m'bokosi kuti muzizire. Zimathandiza, koma mabotolowo amachita thukuta, ndiye aikeni m'mbale kutali ndi utuchi.

China chimene chimaiwalika ndi sefa yeniyeniyo. Mukagwiritsa ntchito katatu kapena kanayi, phula ndi phulusa zimatseka timabowo. Kwezani kachipangizo kuloza kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, tsukani ndi burashi ya waya, kaume kaye musanathire utuchi.

Za mitengo ndinene mwachidule. Ku Ulaya amakonda oak, beech ndi apulo. Kuno gwafa, pichesi, malalanje ndi makademiya zimachita bwino. Zitsononkho zouma zogayidwa nazonso zimafuka bwino, ndipo ku Vermont, ku America, ham ndi bacon za utsi wa zitsononkho n'zotchuka. Chenjerani ndi utuchi wotola kwa akalipentala, chifukwa wambiri ndi wa paini, ndipo utomoni wake umawawitsa nyama. Umasakanikiranso ndi wa matabwa opaka mankhwala a chiswe, a penti ndi a guluu. Wa makina ocheka a tcheni uli ndi oyilo.

Pali chinthu chimodzi chosanyengerera. Nyama yolowa mu utsi wozizira iyenera kukhala itakonzedwa ndi mchere wa nitrite, umene pa paketi amalemba Cure #1 kapena Prague Powder #1. Muyezo wake ndi magalamu 2.5 pa kilogalamu imodzi ya nyama, kuphatikiza mchere wamba magalamu 25, zoyezedwa pa sikelo, osati ndi supuni. Umenewu ndi umene umaletsa kachilombo koyambitsa botulism (matenda oopsa a poizoni wa m'zakudya), kamene kamakonda malo ofunda opanda mpweya wokwanira. Ndipo bacon yotuluka mu utsi wozizira ikadali yaiwisi, iphikidwe isanadyedwe.

Mukadzuka pakati pa usiku n'kupeza moto wazima, musataye utuchi wonse. Chotsani phulusa ndi supuni mpaka mufike pamene pali pakuda, tsetseretsani utuchi pamenepo, yatsaninso ndi kandulo kuchokera pansi. Kukacha, dzuwa lisanayambe kuwomba mgolo, nyama ibwerere m'firiji. Ngati mtundu wake sunafike pamene mukufuna, mudzafukizanso usiku wotsatira. Tsopano bwerani awiriawiri, aliyense afumbate utuchi wa m'mbale ziwirizi, mundiuze wouma ndi uti.