Kuno ku Pingtung, gawo 14: Tsiku limene foni inanena za mzinga

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli m'minibasi ya ku Area 25, kaya muli ku Joni mukudikira shifiti ya usiku. Kuno ku Pingtung, kumwera kwa Taiwan, kwada kale. Mukamva phokoso kumbuyoku ndi achule, nyumba yathu ili m'mbali mwa ngalande ya kumunda kwa apongozi, ndipo ndayesa kuwaletsa koma achule a kuno samva Chichewa.

Ndinalonjeza kuti lero tikamba za lendi, koma amayi anga andisokoneza. Anandiimbira Lamulungu kuchokera ku Mponela. Wina kutchalitchi wawauza kuti wamva pawailesi zoti ku Taiwan kukubwera nkhondo yochokera ku China. "Mwananga, tenga mkazi ndi mwanayo mubwere kuno, chimanga chilipo." Ndinati amayi, nkhondo imeneyo akhala akuinena chifikireni ine mu 2006. Iwo amvekere, "Ndiye kuti yayandikiratu." Ndinasowa choyankha. Choncho lero tikambe za mizinga, chifukwa kuno nkhani imeneyi imakupeza ngakhale ntchito yako ili yolongedza mango ngati ine.

Ndiyambe ndi Lachiwiri lina, pa 9 Januwale 2024, cha m'ma 3 koloko masana. Tinali m'shedi tikumanga makatoni. Mafoni onse analira nthawi imodzi, kulira kuja kwa chenjezo la boma kumene timakumva kukamabwera chivomezi. Uthenga unali m'zilankhulo ziwiri. Anzathu a kuno anawerenga wa m'Chitchaina, n'kubweza foni m'thumba, ntchito n'kumapitirira. Ine ndi anyamata awiri a ku Philippines tinathamangira wa m'Chingerezi, ndipo mmenemo munali liwu lakuti missile, kuti mzinga ukudutsa mumlengalenga mwa Taiwan. Abale anga, miyendo inazizira. Mnzanga mmodzi anagwada pansi pa tebulo lachitsulo akuchita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinaimbira mayi a kunyumba, mawu akunjenjemera, ndikuti katengeni mwana kusukulu. Iwo anangoti, "Wawerenga chiyani iwe? Alemba kuti satelayiti." Zoonadi, China inali itaponya satelayiti kuchokera ku Sichuan, ndipo womasulira uthengawo ndiye anaphonya liwu. Aboma anapepesa tsiku lomwelo. Kunali kutatsala masiku 4 kuti anthu avotere pulezidenti, ndiye mutha kuganiza mmene andale anaivinira nkhaniyo.

Chimene chinandikhala mumtima si kulakwitsako. Ndi chakuti kwa mphindi ziwiri ndinakhulupirira, ndipo sindinadabwe n'komwe. Nyanja yolekanitsa Taiwan ndi China pamene yachepetsetsa ndi makilomita pafupifupi 130, ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu. Mu Malichi 1996 China inaponya mizinga m'madzi a pafupi ndi madoko a Keelung ndi Kaohsiung, anthu akukonzekera kusankha okha pulezidenti kwa nthawi yoyamba. Pa 4 Ogasiti 2022, Nancy Pelosi, amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku America, atangochoka kuno, inaponyanso 11, ndipo dziko la Japan linati isanu inagwera m'madzi a m'chigawo chake. Tsiku limenelo ine ndinali pamzere wogula tiyi wozizira, ndipo palibe anachoka pamzerepo.

Ndinabwera kuno kudzaphunzira zaulimi, nthawi imene Malawi ndi Taiwan anali paubale. Achinyamata ambiri kwathu sadziwa kuti chipatala chachikulu cha Mzuzu anamanga ndi anthu a kuno. Ubalewo unayamba mu 1966. Pa 14 Januwale 2008, mayi Joyce Banda, amene nthawiyo anali nduna yoona za maubale ndi maiko ena m'boma la Bingu wa Mutharika, analengeza kuti Malawi tsopano ali ndi Beijing. M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi ngati mkamwini amene abale ake aba mbuzi pamudzi pomwe akukhalapo. Palibe anandinyoza. Mnzanga wina anangondigwira paphewa n'kunena kuti tinazolowera. Lero mu Africa monse latsala ndi dziko la Eswatini lokha.

Liwu lakuti tinazolowera ndinadzalimvetsa bwino nditakwatira. Apongozi anga aamuna ndi mlimi wa mango, wosalankhulalankhula, koma anali msilikali pachilumba cha Kinmen, pafupi ndi gombe la China, m'zaka za m'ma 1970. Amakumbukira tsiku la mu Disembala 1978 limene pulezidenti wa America Jimmy Carter analengeza kuti dziko lake likusiya Taipei, likulu la Taiwan, n'kupita ku Beijing. Akamafotokoza sakwiya, amangosenda chipatso pang'onopang'ono. Mpeni umene apongozi aakazi amadulira nkhumba kukhitchini unachokera ku Kinmen komweko, wosulidwa kuchokera ku zitsulo za mabomba amene China inkaponya pachilumbapo kuyambira mu 1958. Ndi wolemera, wakuthwa moti sandilola kuugwira. Mumaona anthu amenewa? Wina akawaponyera chitsulo iwo amatola n'kukasula.

Mizinga ya kuno imapangidwa ndi bungwe lotchedwa National Chung-Shan Institute of Science and Technology, limene linakhazikitsidwa mu 1969 ndipo likulu lake lili ku Longtan, m'dera la Taoyuan. Kuno amangolitchula mwachidule kuti Chung-Shan. Poyamba ankaonera kwa ena: mzinga wawo woyamba wophulitsira sitima zapamadzi, Hsiung Feng I, anatengera wa ku Israel wotchedwa Gabriel. Kenako anayamba kuyenda okha. Ndipo maina ake ndimawakonda, amamveka ngati maina a magule. Hsiung Feng ndiye kuti mphepo yolimba mtima. Tien Kung, wogwetsa ndege ndi mizinga ya adani, ndiye kuti uta wakumwamba. Tien Chien ndi lupanga lakumwamba, ndipo limanyamulidwa ndi ndege yankhondo imene anaipanga okha America itakana kuwagulitsa ndege zamakono m'zaka za m'ma 1980. Ndegeyo inauluka koyamba mu 1989, ndipo mu 1992 America inavomera kuwagulitsa ndege za F-16 zokwana 150. Apongozi amati wogulitsa amakumbukira kuti ali ndi katundu akaona kuti wayamba kupanga wako.

Hsiung Feng III ndinamuona koyamba pa TV ya m'chipinda chodyera kusukulu, pa perete wa tsiku la dziko pa 10 Okutobala 2007. Nthawi imeneyo kwa ine anali mapaipi aakulu pathiraki basi. Amathamanga kuposa liwiro la mawu, ndiye kuti ukamamva kulira kwake iye wadutsa kale. Palinso Hsiung Feng IIE, amene sanapangidwire sitima koma kukagunda pamtunda kutsidya.

Malo oyesera zonsezi ali konkuno ku Pingtung, pagombe la kum'mawa chakumwera, pa Jiupeng. Akafuna kuyesa amalengeza kuti asodzi asalowe m'chigawo chakutichakuti cha nyanja kuyambira ola lakuti. Usiku wina tikuchokera kwa achibale a mayi a kunyumba ku Taitung, tinapeza magalimoto ataima m'mbali mwa msewu, anthu atatukula mafoni. Kunyanja kunakwera kamoto kofiirira, kowongoka ngati wakajambula ndi rula, kenako mkokomo unatipeza mochedwa, wolowa m'chifuwa. Mwana wanga, amene anali wamng'ono nthawiyo, anaombera m'manja. Ine sindinadziwe ngati ndiombe nawo.

Chifukwa ndinali ndikukumbukira za pa 1 Julaye 2016. M'mawa wa tsiku limenelo, sitima yankhondo imene inali padoko la Zuoying ku Kaohsiung inaponya Hsiung Feng III mwangozi, asilikali akukonzekera kuyesedwa. Mzingawo unauluka makilomita oposa 70 kulowera ku zilumba za Penghu, n'kupeza boti la asodzi. Sunaphulike, unangoboola n'kutulukira mbali ina, koma woyendetsa botilo anafera pomwepo ndipo anthu atatu anavulala. Mwa ovulalawo munali wa ku Vietnam ndi wa ku Philippines. Pamenepa mpamene pamandigwira ine. Anyamata amenewo anabwera kudzafuna ndalama zotumiza kwawo, ngati ine, ngati inu a ku Joni. Sanavotepo kuno, mkangano wa Taipei ndi Beijing sauyamba ndi iwo. Chida chinagwira ntchito monga anachipangira, chinafunafuna chombo panyanja n'kuchipeza. Anthu ena pa intaneti ankanyadira kuti taonani, n'cholondola. Ndinatseka foni tsiku limenelo.

Ndiye musaganize kuti ndine wokonda zida. Koma funso lakuti bwanji osangogula kwa America, poti ndalama ali nazo, ndimatha kuliyankha, ndipo ndimaliyankha ngati mwana wa mlimi wa ku Dowa. Inu mukudziwa za feteleza wa makuponi. Dzina lako lilipo, ndalama wasunga, wafika padepoti 4 koloko m'mawa, koma thiraki silinabwere. Mvula siidikira thiraki. Amene anakumba dzenje la manyowa mu Juni ndi amene amagona tulo.

Kugula zida kuli chimodzimodzi. Mu 2019 America inavomera kugulitsa Taiwan ndege za F-16 zatsopano 66, za ndalama pafupifupi madola 8 biliyoni, komanso akasinja a Abrams 108. Akasinja oyamba, 38, anafika mu Disembala 2024, patatha zaka zisanu. Mu 2020 anavomera mizinga ya Harpoon 400 yoponyera kuchokera pagombe. Kunabweranso mliri wa korona, kunabwera nkhondo ya ku Ukraine, mafakitale a ku America anadzaza ndi maoda, ndipo katundu amene Taiwan ikudikira anafika pamtengo wa madola pafupifupi 20 biliyoni. Maiko ena opanga zida safuna n'komwe kugulitsa kuno, amaopa kukwiyitsa Beijing. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mu Januwale 2022 nyumba ya malamulo ya kuno inavomereza ndalama zapadera pafupifupi 240 biliyoni za kuno, zoposa madola 8 biliyoni a ku America, zoti zigwire ntchito mpaka 2026, ndipo zambiri zinapita ku mizinga ndi sitima zopangidwa konkuno. Unduna wa zachitetezo unanena kuti ukufuna kuchoka pa mizinga 207 pachaka kufika pa 497. Mu Seputembala 2023 anaonetsanso sitima yoyenda pansi pa madzi yoyamba kupangidwa kuno, Hai Kun, ku Kaohsiung, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pamene ndakhalapa.

Pankhani ya ndalamazi anthu a kuno sagwirizana ayi. Mlamu wanga amati ndi kutaya ndalama, China ndi njovu, ungasule mikondo ingati? Akanawonjezera malipiro a anamwino. Apongozi amamuyankha kuti nungu sapha mkango, koma mkango umaganiza kawiri. Akayamba zimenezi patebulo ine ndimangoyang'ana m'mbale mwanga, poti mkamwini salowerera milandu ya eni mudzi. Koma msonkho umene amadula pamalipiro anga uli momwemo, m'kamoto kaja tinakaona kunyanja.

Chaka chilichonse kumakhala tsiku loyeserera kubisala ngati adani akuponya mabomba. Nthawi ikakwana 1:30 masana masaireni amalira, magalimoto onse amaima, aliyense achoke pamsewu kwa mphindi 30, ndipo wokana amalipitsidwa chindapusa. Chaka changa choyamba palibe anandiuza. Ndinali panjinga ndikukagula sopo, ndinangoona tauni yonse yati zii, ngati kwagwa maliro a mfumu, wapolisi akundikodola ndi manja onse awiri. Anandilowetsa m'sitolo ya 7-Eleven, mmene ndinapeza agogo ena atakhala pakatoni akudya dzira lophika mu tiyi. Anandipatsa limodzi.

Mwana wanga tsopano ali ku sekondale, ndipo ndi nzika ya kuno kudzera mwa mayi ake. Kuyambira mu Januwale 2024, anyamata obadwa mu 2005 kapena pambuyo pake amakagwira usilikali chaka chathunthu, pamene kale inali miyezi 4. Iyeyo zimamusangalatsa, amadziwa maina a mizinga yonse kuposa mmene amadziwira maina a azakhali ake a ku Mponela. Amayi sindinawauze zimenezi. Ndinawauza za mango, kuti chaka chino abereka bwino, ndiponso kuti mdzukulu wawo wandipitirira msinkhu.

Pakhomo pathu, kuseri kwa chitseko, pali chikwama chimene mayi a kunyumba analongedza: madzi, tochi, kawailesi ka mabatire, mankhwala a apongozi, mapasipoti atatu m'kapepala ka pulasitiki. N'cha chivomezi, n'cha chimphepo, n'cha chinacho chimene sitichitchula. Nditamaliza kulankhula ndi amayi Lamulungu lija ndinatenga ufa woyera umene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, makilogalamu awiri amene ndakhala ndikuumira, n'kuuika pansi penipeni pa chikwamacho. Dzulo ndaupeza uli pashelefu kukhitchini. Ndafunsa, akuti ukauphikira pati, ndipo mthiko ukautenga kuti? Mawa ndikaubwezeramo iwo akapita kuntchito. Za lendi tikamba sabata ya mawa.